Nyimbo ya Eliza

"Yayaka, achimwene! Yayaka!" anakuwa Bothwell, akupukuta fumbi pa kompyuta imene inagona zaka zambiri m'galaja yake ku Barking.

Jailos sanaseke. Mkazi wake Eliza anali atangoikidwa kumene m'manda. Zithunzi zake zinalipo zambiri, koma mawu ake akuimba Jailos anawajambula kamodzi kokha, pa kompyuta imeneyi, asanaisinthanitse ndi pulinta ya Bothwell. Masiku amenewo awiriwa anali akatswiri oopsa a makompyuta. Loweruka lililonse ankapatsana madisiki, kumasula makina ndi kulangiza aliyense, kuyambira ku Wembley mpaka ku Edmonton.

"Tsegulani pamene palembedwa dzina lake," anatero Jailos. "Ndingomumvako kamodzi."

Bothwell anafufuza paliponse. Anapeza masewera a makadi ndi zithunzi za galimoto yake yoyamba, koma dzina la Eliza panalibe. Dzanja lake linaima. Apo m'pamene anakumbukira.

"Achimwene, tsiku lomwe ndinabwera nayo kuno, ndinafufuta zonse."

"Zonse? Osatsegula n'komwe?"

"Osatsegula. Munandiphunzitsa ndinu. Munati ukalandira kompyuta ya mnzako, uyambe wafufuta zonse, usasuzumire za m'nyumba mwake."

Jailos anayang'ana galasi la kompyutayo. Langizo limenelo analipereka kwa anthu ambirimbiri, ndipo ankalinena modzitama.

"Munachita bwino," anatero potsiriza, akuvala chipewa chake. "Mwa onse amene ndinawaphunzitsa, ndinu nokha munandimvera."