Mahedifoni a Dokotala

A Lumo anali mkati mochepetsa ndevu za wapolisi pamene anayambanso kufotokoza nzeru zawo zija.

"Nyimbo, achimwene. Ana a masiku ano osawakwapula ayi. Ingowapatsani nyimbo."

Analoza ndi chipeso pakona ya babashopu yawo. Pamenepo, pakati pa tsache ndi ndowa ya matawulo, panali katebulo. Pakatebulopo panali mwana wawo wachisamba, mutu uli m'buku, makutu atavundikiridwa ndi mahedifoni aakulu ngati mbale. Chingwe chake, chomatidwa ndi selotepi pawiri, chinkalowa mudirowa momwe munali foni yakale ya a Lumo.

Mtsikanayu anali atalakwa mayeso omaliza a sekondale chaka chatha, ndipo uku kunali kubwereza kotsiriza. Bambo ake anali atanena poyera kuti akalakwanso, za sukulu zithera pomwepo. Adzatenga tsache lija azisesa tsitsi la anthu mpaka atapezeka womukwatira. Kunyumba kunali ang'ono ake anayi osokosera, ndiye akaweruka kusukulu ankabwera kudzawerengera mushopumo.

Nyimbozo a Lumo anasankha okha. Munali za piyano, za zitoliro, ndi zina za bambo wina wamawu aakulu wokuwa kuti dzuka, limbikira, ungathe. Anazimvera kamodzi tsiku loziika, anayasamula kawiri, n'kugamula kuti zimenezi ndiye za anthu ophunzira. Eni akewo sukulu anaisiyira panjira, koma pa nkhani ya maphunziro munthu sakanawauza kanthu.

"Ngakhale foniyo ndi yodala," anatero akupukuta lumo. "Miyezi isanu tsopano, sanandipemphepo soketi. Batire lakale limenelo, osati zamakonozi."

Soketi mushopumo inali imodzi yokha, ndipo inali ya makina ometera.

"Ndiye ulendo uno akhoza?" anafunsa wapolisi.

A Lumo anasuzumira pagalasi. Mwana anali duu, maso ali pabuku. Anaseka.

"Uyu? Tinene zoona, achimwene, poti sakumva. Mutu uwu ndi wa kwa amayi ake, mumangodutsa mphepo. Timamutchula Dokotala kuti asalire. Nyimbozi n'zongoti mawa anthu asadzanene kuti bambo ake sanayesetse."

Wapolisi anaseka mpaka lumo linatsala pang'ono kumucheka khosi. Pakona paja cholembera chinaima kaye, kenako chinapitiriza.

Ndipo sikuti anali wapolisi yekha. Pakamwa pa a Lumo panalibe chitseko. Aliyense wokhala pampando uja ankametedwa tsitsi, n'kupatsidwanso nkhani ya Dokotala ngati basera. Kalipentala anaimva. Woyendetsa minibasi anaimva mpaka anailoweza. Abusa anaimva kawiri, ulendo wachiwiriwo yowonjezera mchere. Dzuwa likapendeka, a Lumo ankamugwira mwana paphewa, iye n'kuvula mahedifoni.

"Zikulowa, Dokotala?"

"Zikulowa, adadi. Zonse."

Bambowo ankatsinzinira aliyense amene analipo, n'kutseka shopu mtima uli mbee, podziwa kuti mbali yawo achita.

Zotsatira zitatuluka, mtsikana uja anakhoza moti aphunzitsi aakulu anachita kutchula dzina lake pamaso pa sukulu yonse. Malo ku koleji anapezeka osavuta. Tsiku lomwelo mutu uja unasamuka kuchoka kwa amayi ake n'kukhala wa kwa bambo ake.

"Ndinkadziwa ine," a Lumo ankauza aliyense, ngakhale wongobwera kudzafunsa njira. "Magazi sanama. Kuphatikiza nyimbo zanga zija, basi, nkhani yatha."

Kalipentala ndi woyendetsa minibasi ankangoyang'anizana. Munthu sutsutsana ndi wometa mutu wako uli theka.

Loweruka lotsatira wapolisi uja anabweranso, koma osati kudzameta. Mwana wake wamwamuna anali woti alemba mayeso chaka chamawa, ndipo mabuku ankawaona ngati adani. Anabwera kudzabwereka mankhwalawo, mahedifoni ndi foni ija. Benchi inali yodzaza, ndipo a Lumo anasangalala kuti umboni uchitikira pagulu. Pakona paja mtsikanayo ankalongedza mabuku ake mukatoni.

"Dikirani ndikusankhireni yoyambira," anatero a Lumo. "Zinthu izi zili ndi dongosolo lake, simungoyamba paliponse."

Anavala mahedifoni aja, koyamba m'miyezi yonseyi. Anakoka dirowa. Foni inali gone pansi pa zipeso zothyoka, fumbi lili mbuu. Anadina batani, zii. Anadinanso mwamphamvu, zii. Anazula makina ometera, n'kuika foniyo pasoketi, koma sinaphethire n'komwe.

Chomwe chinawadabwitsa kwambiri chinali china. Mahedifoni ali kumakutu choncho, ankamva zonse bwinobwino. Ankamva wapolisi akutsokomola. Ankamva ntchentche ikugunda pagalasi. Anamvanso kalipentala akunong'oneza mnzake kumapeto kwa benchi kuti lero kuli nkhani.

Anavula pang'onopang'ono, manyazi atawagwira.

"Dokotala, foniyi yatani?"

"Inafa sabata yoyamba yomwe ija, adadi."

"Nanga miyezi yonseyi unkamvera chiyani?"

Mtsikanayo ananyamula katoni yake, n'kutsamiritsa tsache lija pampando wa bambo ake.

"Inuyo," anatero. "Mutu wa kwa amayi anga suiwala mawu."