Madzi Osamba a Che Uladi

Pitala, mmisiri wa mapaipi, anali pamwamba pa makwerero, sipanala kukamwa, akulumikiza paipi yochokera mu diramu limene analikweza padenga la bafa. Pansi, Che Uladi anagwirira makwerero ndi nkhope ya munthu amene akumanga mzikiti. Mkazi wawo Kulusumu anakhala pakhonde ndi lichero la mpunga, koma mpungawo sankauona n'komwe.

Chimene ankachiona ndi chibokosi choyera chokhomedwa pakhoma la bafa, ndi silinda ya gasi itakhala pansi pake. Dzina lake ankati giza. Che Uladi anaipeza kwa mmwenye amene ankamuyendetsera lole, chaka chija amwenye a pa Balaka ankalongedza katundu kusamukira ku Limbe. Anthu anzeru anatola mashelefu ndi masikelo. Amuna a Kulusumu anatola chinthu chotenthetsa madzi, ngati kuti pakhomo panalibe mkazi.

Apa ndi pamene panali kuwawa. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, m'mawa uliwonse, Kulusumu ankatereka madzi, kuwanyamula kupita kubafa, kuwasakaniza ndi ozizira, n'kukagwada pakhomo kunena kuti, "Madzi ali kubafa." Atayambana madzulo, mawa lake madzi ankapitabe. Tsiku limene anaika maliro a mwana wawo wachiwiri, madzi anapitabe. Kuno za m'banja la munthu sitifunsa pakamwa, timangoyang'ana ngati ndowa ikulowa kubafa.

Koma chiyambire dzinja Che Uladi anasintha. Madzi akaikidwa, iwo ndiye ayambe kupukuta nsapato, kupopa njinga, kufunafuna chipewa chili pamutu, mpaka madzi azizire. Tsiku lina Kulusumu anawaona ndi maso ake akukhuthulira theka la ndowa kuseri kwa mpanda n'kuthiramo a pachitsime. Kawiri konse anakwera njinga kulowera njira ya ku Rivirivi, atavala shati ya Lachisanu, osanena kumene akupita. Pobwera ankamuyang'ana mozemba ngati munthu wolakwa.

Kulusumu sanali mwana. Chipembedzo chimalola akazi anayi, ndipo ku Rivirivi akazi amasiye onenepa bwino sasowa. Mitala akanaipirira, akazi anzake ambiri ankaipirira. Chimene chinkamudya mtima n'chakuti mwamuna wake wayamba kunyansidwa ndi madzi ochokera m'manja mwake, mpaka wasankha kusambitsidwa ndi chitsulo.

Pitala anatsika, anayatsa machesi, ndipo kamoto kobiriwira kanati phu m'kati mwa bokosi. Anatsegula mpopi. Posakhalitsa nthunzi inayamba kutuluka mu bafa, m'kuzizira kwa mwezi wa Juni.

"Mayi, mwapuma pantchito!" anafuula Pitala, mano onse pamtunda. "Bwana apeza wina wosadandaula utsi."

Ankangoseka mwana wa eni, sankadziwa pamene waponda. Che Uladi sanaseke, komanso sanamudzudzule. Anangoti, maso ali pansi, "Kuyambira mawa musamavutikenso ndi madzi anga, make Saida."

Kulusumu anadikira kuti mlendo amange zitsulo zake panjinga, atuluke pachipata. Manyazi a m'nyumba saonetsa kwa mmisiri. Kenako anaika lichero pansi n'kupita kukhitchini, kumene mphika waukulu unali pamoto chiyambire m'mawa, chifukwa m'mawamo anali asanauzidwe ndi munthu kuti asiye. Anakhuthulira madzi mu ndowa, anathiramo ozizira mmene ankachitira masiku onse, n'kukaiika pamaso pa mwamuna wake pakati pa bwalo.

"Bambo a Saida, ndiuzeni lero," anatero. "Ngati mwapeza wina, mubweretseni, ndimulandira. Ngati mwatopa nane, itanani ankhoswe, kwathu kunyanja ya Chiuta njira sindinaiwale. Koma musandichotse ndi chibokosi. Madzi anga alakwa chiyani?"

"Khalani pansi tikambirane."

"Iyayi, sindikhala. Zaka zonsezi ndinakuikiranipo ozizira? Ndinakuotchanipo?" Anagwada, n'kumiza dzanja lake lamanja mu ndowa mpaka m'chigongono, misozi ikutsika. "Onani! Ofunda bwinobwino, mmene mumawakondera. Onani!"

Che Uladi analumpha ngati mnyamata. Anamugwira mkono n'kuusolola, ndipo madontho amene anawagwera paphazi anawachititsa kukuwa. Sanausiye mkonowo. Anaukumbatira pachifuwa pawo, pa shati yoyera, bambo wamkulu akulira poyera ngati pamaliro.

"Ku Rivirivi kulibe mkazi, Kulusumu. Ndimapita kwa asisitere akuchipatala, kukafunsa za iwe. Ndinkasowa poyambira kukuuza."

Kulusumu anayang'ana dzanja lake. Khungu linali litafiira, matuza akutukumuka iye akuona, koma sankamva chilichonse.

"Ndi khate, mkazi wanga," ananong'ona Che Uladi. "Miyezi isanu tsopano ukundiikira madzi owira, iwe osamva."