Tsiku Losambitsa Amayi

Phulusa likadali pamphumi, Veronika analengeza nsembe yake ya Lenti: Lachisanu lililonse aziyenda wapansi kuchoka kwa Kaphuka mpaka ku parishi, kukachita nawo Njira ya Mtanda.

"Mtunda wonsewo, ndi matope amenewa?" anadabwa mng'ono wake Hellen. "Asisi, inu ndiye Akhristu enieni. Ine ndangosiya shuga."

Veronika anazolika ngati munthu wodzichepetsa. Masamu ake anali atawachita kale ali m'tchalitchi: Lachisanu kasanu ndi kawiri. Ndipo Lachisanu linali tsiku lake losambitsa amayi awo, amene anafa ziwalo chaka chatha. Linali tsiku lowatembenuza, kutsuka zilonda zakumsana ndi kuchapa zofunda zonunkha mkodzo.

"Musadandaule, tsiku lanulo ndilitenga ine," anatero Hellen. "Za Mulungu sitiletsa."

Pamphasa pomwe anagona, amayi anasuntha dzanja lomwe limagwirabe ntchito. Veronika anagwada pafupi, kudikira kuti amukalipire. Mwina n'zimene Veronikayo ankafuna.

"Uzipita, mwanangu," anatero movutikira. "Uzikandipemphererako."

"Nanga inu amayi, mwasiya chiyani chaka chino?" anawaseleula Hellen. "Kuvina?"

Amayi anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Ine ndasiya manja a Veronika. Akowo, Hellen, amakhula ngati ukutsuka kachewere, koma ndipirira mpaka Pasaka."

Hellen anafa nazo kuseka. Veronika sanaseke. Anatuluka n'kukatereka madzi osambitsira amayi, ngakhale tsikulo linali Lachitatu.