Manja Osagwira

Mlatho wa zingwe udadukanso, ndipo Zefaniya adadinikiza mabatani ngati akufuna kuwaboola.

Pa sikirini, bambo wandevu adagwa chafufumimba m'mphepete mwa phompho, dzanja lake litagwira mkono wa kamtsikana. Pansi madzi ankawinduka. Ng'oma zidaleka kulira, kudatsala mphepo yokha. Chithunzi chidasendera pafupi mpaka sikirini yonse idadzaza ndi zala, ndipo zalazo zidayamba kuterereka chimodzichimodzi. Mtsikana adapita.

"Bwezerani," adatero Zefaniya osatembenuka.

Kalisto, mwini kanyumba ka magemu ka pa Chimbiya, adabwezera. Iye adali mlendo pamalopo. Adachokera ku Lilongwe ndi TV imodzi, sola yoika padenga ndi mapadi awiri, tizida ta mabatani toyendetsera gemu. Anyamata ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ankakonda magemu a mpira ndi nkhonya. Koma Zefaniya, bambo wa ku Chongoni wometa mpala, adangolowa tsiku lina kudzabisala mvula, napeza anyamata akusewera gemu ya munthu wothawa adani m'mapiri ndi mwana wake. Adaima n'kuyang'ana mpaka mvula idakata. Kuyambira pamenepo ankabwera masana aliwonse, ndipo sankafuna malo ena koma pamlatho pomwepo.

Chimene chinkamudya Kalisto n'chakuti pamlathopo padalibe masewera. Gemu ikafika pamenepo, pamwamba ndi pansi pa sikirini pamabwera mizere iwiri yakuda, ndipo aliyense wodziwa amaika padi pamwendo n'kumangoonera. Imeneyo ndi filimu. Amene adakonza gemuyo adalemberatu kuti mtsikanayo agwe, n'cholinga choti bamboyo ayende ulendo wonse ndi chilonda mumtima. Ungadinikize mpaka chala kutupa, mwana apitabe.

Kalisto sadamuuze. Poyamba ankaseka pamodzi ndi anyamata aja, akutsinana kumbuyo kwa benchi. Kenako adangozolowera. Kasitomala wosaphonya tsiku ndani angamuthamangitse? Kunena mosapsatira, ankamudyera masuku pamutu, ndipo ankadziwa.

Dzulo lake ndiye zinthu zidafika povuta. Yeremiya, mlamu wake wa Zefaniya, adaima pakhomo osalowa, nalankhula mokweza kuti ndi a maminibasi omwe amve.

"Alamu, kwathu simudabwere kudzasewera ndi zidole. Mlongo wanga akungokhalira kulira, munda wamera tchire. Manja anuwo sagwira kanthu, mudzi wonse ukudziwa. Loweruka ankhoswe akumana. Mukonzeretu thumba lanu."

Zefaniya adali mkamwini, wokhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini akamuuza za thumba sakhala akumutuma kumsika. Adangoweramitsa mutu mpaka mlamu wakeyo adatopa n'kuchoka. Koma lero, Lachisanu, adali pabenchi pomwe paja, ndowa za mbatata ya kachewere imene ankagulitsa zikunyowa panja popanda woziyang'anira.

Kalisto adagwira njakata. Banja la munthu linkatha iye akuonerera, chifukwa cha mpikisano wosawinika. Adachita manyazi, adachitanso mantha. Munthu wofatsa akazindikira kuti mwakhala mukumupusitsa, sudziwa chimene angachite ndi TV yako.

Gemu idayambiranso patali pang'ono ndi mlatho. Apa ndiye Zefaniya adali atasanduka katswiri. Adalumpha miyala, adazemba mivi, adamukoka mwanayo pansi pa mtengo umene unkagwa, osalakwitsa ngakhale kamodzi. Adafika pamlatho adani ali kutali. Kenako mizere yakuda ija idabwera. Kunja kunkazizira monga kumachitira ku Dedza mvula ikagwa, koma thukuta linkatsika m'khosi mwake. Milomo yake inkagwedera ngati akulankhula ndi wina. Zingwe zidaduka, zala zidaterereka, ndipo nkhope ya bambo wandevu idatsala yokha pa sikirini, madzi a mvula akuyenderera m'maso mwake.

Kalisto sadathenso kupirira. Adatsitsa mawu a TV, nakhala kumapeto kwa benchi, mbali yoyandikira khomo.

"A Zefaniya, pepani, ndakulakwirani. Malo amenewa sawinika. Mukaona mizere yakudayo, ndiye kuti padi yafa, imeneyo ndi filimu chabe. Bamboyo amagwira bwinobwino, koma mwanayo amagwa basi. Palibe chimene mukadachita. Chonde pitani kunyumba mukapulumutse banja lanu."

Adadikira chipongwe, kapena chibakera. Zefaniya adaika padi pabenchi mosamala, napukuta manja pa thalauza. M'maso mwake mudalibe mkwiyo.

"Za mizereyo ndidazidziwa kalekale, achimwene," adatero motsitsa mawu. "Ine ndimabwera kudzaona munthu amene adagwira ndi mphamvu zake zonse, mwana n'kumupulumukabe. Wanga Sungeni adapita ndi madzi mwezi wathawu tikuwoloka mtsinje, ndipo kumudzi palibe amene akukhulupirira kuti ndidagwira. Tanenaninso mawu aja, akuti palibe chimene ndikadachita."