Nambala Sikisi

Sulabha anadikira kaye kuti atsikana awiri ogula zibangili zaukwati achoke, kenako anamasula mfundo ya kansalu patebulo la a Mehboob. Munali tizidutswa titatu ta galasi lobiriwira.

"Mundipatseko china chonga ichi. Nambala sikisi."

A Mehboob, nkhalamba imene yagulitsa zibangili mumsika wa Solapur ku India kwa zaka makumi anayi, anayang'ana mikono ya Sulabha yopanda kanthu. Mkazi wamasiye savala zobiriwira. Zake anamuswera achibale, monga mwa mwambo, tsiku la maliro a amuna ake, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Sulabha anawadula asanafunse: sichovala ayi, n'choyezera thupi. Ichi chimodzi anachibisa m'chitini cha mpunga anthu oswa aja asanafike.

Nkhaniyo inayamba zaka zitatu zapitazo, tsiku limene dokotala anamusiyitsa jakisoni wochepetsa thupi. Anali atataya makilo makumi awiri, shuga itatsika, mawondo atasiya kudandaula. Dokotalayo anamuchenjeza kuti njala idzabwerera, ndipo sananame. Inabwerera ngati mlendo wodziwa pamene pamakhala makiyi. Sulabha anayamba kukwera sikelo m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo nthawi zonse ankatsikapo akulira.

Amuna ake, a Dattatray, anali telala wa mawu ochepa. Tsiku lina ananyamula sikelo ija n'kukaipatsa munthu wogula zitsulo zakale. Pobwera anatenga zibangili khumi ndi ziwiri, zobiriwira, nambala sikisi. Anati sikelo yake tsopano ndi imeneyo: zikamalowa, ndiye kuti zonse zili bwino. Sulabha anagwira dzanja lawo n'kulonjeza kuti sadzapitirira sikisi mpaka imfa.

Ndipo analimbikira, mayi uja. Chapati ziwiri, osati zitatu. Tiyi wopanda shuga. M'mawa uliwonse kuzungulira bwalo la sukulu kasanu, amuna ake akutsalira m'mbuyo ndi wefuwefu. Pa chikondwerero cha Diwali ankakazinga maswiti a mudzi wonse iye osalawa n'kamodzi komwe. Lamlungu lililonse a Dattatray ankamuvula zibangili ndi sopo, n'kupita nazo kuseri kukazitsuka. Akabwera ankamudzoza manja mafuta a kokonati, kenako n'kumuveka chimodzichimodzi. Zinkalowa bwinobwino.

"Mwaona? Sikisi yemweyo," ankatero.

Akazi oyandikana nawo, amene maso awo sapita kutchuthi, ankamunena kuti masaya ayamba kubwerera. A Dattatray ankangoti ndi nsanje. Nanga mabulauzi amene ankamusokera okha aja sankamukwana ngati kale? Sulabha ankakhulupirira kuti bamboyo anayambanso kumuyang'ana ndi maso achinyamata chifukwa cha thupi latsopanoli. Ankanyadira, komanso mumtima ankachita mantha kuti tsiku lina lidzatha.

Mtima wa a Dattatray unaima ali pamakina, ulusi uli kukamwa. Kuchokera pamenepo Sulabha ankayesa chibangili chobisa chija m'mawa uliwonse atatseka chitseko. Koma bwalo la sukulu linatalika poyenda yekha. Odzapepesa ankabwera ndi zakudya zamafuta, ndipo chisoni chili ndi njala yakeyake. Chapati zinafika zitatu. M'mawa wa tsiku limene anabwera kwa a Mehboob chibangili chinakana padzanja, iye anakakamiza, ndipo chinathetheka.

A Mehboob anamvetsera nkhani yonseyi mpaka kumapeto. Anatsitsa nambala sikisi pandodo yokolekapo zibangili, manja awo akuzengereza. Sulabha anapinda chala chachikulu n'kulowetsa. Chibangili chinaima pa zala zinayi. Sichinafike n'komwe pamene china chija chinaswekera. Anayesa dzanja lina, anapempha sopo, koma ayi ndithu.

Anakhala pa kampando ka ogula. Ankadziwa kuti wawonjezera, koma osati chonchi. Manyazi anamugwira, ndipo misozi inagwera pa nsalu yake ya sari yotuwa.

"Zaka zitatu ndinasunga, achimwene. Angochoka pang'ono, taonani. Phulusa lawo silinazizire n'komwe ine ndawanamiza kale. Atati andione lero, angandidziwe?"

"Alamu, musatero."

"Ndisatero bwanji? Chimene anandipempha bambo aja chinali chimodzi chokha."

A Mehboob anakanda ndevu kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene akukangana ndi winawake wosaoneka. Kenako anasonkhanitsa tizidutswa titatu tija patebulo mpaka tinapanga mkombero. Anatenga sikisi watsopano uja n'kumuika pakati. Analowa yense, malo n'kutsalako.

"Andikhululukire kumene aliko, poti anandilumbiritsa," anatero motsitsa mawu. "Chanuchi si sikisi, alamu. Ndi teni. Sikisi munavala miyezi isanu yokha. Kenako amuna anu anadzagula eyiti, chaka chatha teni, mtundu womwewo, n'kukakusinthirani kuseri kuja. Ankati, 'Mkazi wanga azidya moyenera, aziyenda, aziseka. Za nambala mundisiyire ine.'"