Manja Asanu ndi Anayi pa Khadi Limodzi

Lachisanu, ana atatuluka kukasewera, aphunzitsi a kalasi yachinayi anatsala pa tebulo akusanthula makadi a mpikisano wowerenga. Ana ankawatcha Apolisi, koma mawuwo ankatuluka iwo akayang'ana kubolodi. Zaka makumi awiri akupuma fumbi la choko zinawapatsa mphuno yonunkhiza bodza ngakhale ali ndi chimfine. Ankasiyanitsa mwana wodwala m'mimba ndi mwana wodwala masamu.

Lamulo la mpikisano linali losavuta. Mwana atenge buku kusukulu, akawerengere kholo lake mokweza, kholo lisaine pa khadi. Buku limodzi, nyenyezi imodzi pa tchati cha pakhoma. Wochuluka nyenyezi pakutha kwa teremu adzalandira chikwama chatsopano pamaso pa sukulu yonse.

Makadi ambiri anali a anthu oopa Mulungu: masiginecha atatu, dontho la mafuta, basi. Ena anali ndi chala chodinda. Lina ngodya yake inadyedwa, ndipo mwini wake ankanamizira mng'ono wake.

Kenako khadi la Kachete. Kanali kamtsikana ka pabenchi yakumbuyo, kobwera teremu yomweyi, kosatsegula pakamwa ngati kasungamo madzi. Khadi lake linali lodzaza kuseri ndi kumaso. Mabuku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi!

Apolisi anavala magalasi. Anawavula. Anawavalanso.

Pamzere wa kholo panali zolemba za manja asanu ndi anayi. Dzanja lina lopendekeka ngati chidakwa chikukwera chitunda, lina la zilembo zonenepa, lina longopalasa ngati nkhuku. Koma inki inali imodzimodzi, ya bolopeni yabuluu yodontha ija Kachete ankayenda nayo m'thumba la yunifolomu.

"Mbava yanzeru," anang'ung'udza, "koma yosauka mabolopeni."

Kunena zoona, zinawapweteka. Kamwanako kankawerenga bwino, mawu onse kuwatchula mpaka kumchira. Nanga kuberanji chinthu choti ukanachipeza ndi thukuta lako?

Belu litalira, ana anakhala pansi. Apolisi anapita pa tchati nayamba kumatula nyenyezi za Kachete, imodzi imodzi. Kalasi yonse inkawerenga mokweza, ngakhale aja amene masiku onse amasochera akadutsa khumi. Kachete sanalire. Ankangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Kwa Apolisi, kumeneko kunali kuvomera mlandu.

"Tabwerani kuno, mayi wa manja ambiri."

Anabwera, manja kumbuyo.

"Luso ili kubanki akanakulemba ntchito m'mawa, masana n'kukumanga. Bolopeni yabuluu ija ndi yako?"

"Eya, aphunzitsi."

"Ndiyo yalemba zonsezi?"

"Eya, aphunzitsi."

Kalasi inafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Udzandisainireko inenso!" Apolisi anamuyang'ana kamodzi, iye n'kumeza mawu otsalawo.

"Tamvera, mwanawe. Chikwama chija uiwale. Lolemba ubwere ndi kholo lako, lenilenilo, lokhala ndi dzanja limodzi lolembera ngati anthu ena onse. Ukabwera wekha, geti usalikhudze. Wamva?"

Kachete anatenga khadi lija ndi manja awiri, naliwongola pa tebulo pomwe linapindika. Anaika chala pa siginecha yoyamba n'kuyamba kutsika, mawu ake ali pansi ngati akuwerenga buku.

"Awa ndi azakhali. Awa ndi amalume. Awa ndi alamu awo a bambo. Mabolopeni sakhala nawo, ndimawabwereka yanga."

Chala chinaima pansi pa khadi.

"Chimwalirireni amayi, nyumba iliyonse imandisunga sabata imodzi n'kundipereka kwina. Ndibwere ndi ati, aphunzitsi? Sabata yamawa sanagwirizanebe woti anditenge."