Nyemba Yakuda ya ku Ndeke

"Kodi wogumula banja la mnzake angamange mabanja a ena?" anafunsa amai Juliana.

Wapampando, Ba Stanislaus, anangoika chisoti cha kumgodi chagada patebulo n'kuchiphimba ndi nsalu.

Komiti yoyanjanitsa okangana ku Ndeke, komboni ya mu Kitwe, inali ndi lamulo lake chiyambire chaka cha ufulu. Wofuna kulowa m'komitiyo amadikira panja. Mamembala onse asanu ndi awiri amalandira nyemba ziwiriziwiri, yoyera ndi yakuda. Imodzi amaponya m'chisoti, inayo n'kusunga. Yakuda ikapezekamo, ngakhale imodzi, munthuyo salowa mpaka imfa.

Masana amenewo panja panali Edna, mphunzitsi wa ku Riverside. Womubweretsa anali membala mnzawo Pius, mwamuna wa mlembi wa komitiyo, Lenia. Kitwe yense ankadziwa kuti ndi khomo la Edna limene Pius ankagogoda akaweruka kumgodi, chaka chachiwiri tsopano.

"Mkazi uyu ngophunzira, mukwai," anatero Pius ataimirira, akulemekeza wapampando m'Chibemba. "Zambia yatsopano ikufuna mitu yotere."

Lenia analemba mawuwo m'buku osaphonya ndi limodzi lomwe. Ankawamva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana nayo. Chisoti chitamufika, analowetsa dzanja, natulutsa, nachipereka kwa wina.

Ba Stanislaus anakhuthula nyembazo. Zoyera zisanu ndi imodzi. Yakuda imodzi.

Maso onse anagwera pa Lenia.

"Mwachita bwino, amake Solomon," ananong'oneza a Juliana. "Ine ndinangoopa."

Pius anamenya tebulo. "Nsanje! Tikufuna kuweruza makomboni onse, koma tikulephera nsanje ya m'khichini!" Anasolola kampango m'thumba kuti apukute thukuta. Kanthu kanagwa, kanagubuduka pasimenti, n'kuima pa chala cha Lenia. Palibe wina anakaona.

Inali nyemba yotsala ya Pius. Yoyera. Yakuda ija anaponya ndi iye mwini.

Lenia anafumbatula dzanja lake pansi pa tebulo. Yakuda yake inali momwemo, yonyowa ndi thukuta. Anayang'ana mwamuna wake akupumira m'mwamba, kenako mthunzi wa Edna pazenera, ukukonza duku. Anaponda nyemba yoyera ija, natseka buku.

"Ba Stanislaus," anatero, "yakudayo ndaponya ndine. Khalani pansi, atate ake Solomon. Edna ndikamuuza ndekha."